Mlandu Suola, Ngakhale Uvinidwe

Akuluakulu athu, amene anakhala pansi pa mitengo ya m'mabwalo zaka zosawerengeka akumva madandaulo a anthu ndi kuyesa mitima yawo, anatisiyira mawu akuti mlandu suola. Ndipo ngakhale ambiri amatchula mawuwa pofuna kuopseza wangongole kapena wakuba amene akuyesa kuti nyengo idzamubisa, ine ndimaona kuti m'kati mwake muli chifundo chachikulu kuposa chiopsezo, pakuti mlandu umene suola ndi womwewo umene ungathe kukambidwa, kulipidwa ndi kukhululukidwa, pamene mlandu wokwiriridwa usanakambidwe umasiya wolakwa ndi wolakwiridwa ali omangika mpaka kumanda. Mwambi umenewu ndiwo wanditsogolera polingalira za makanema awiri akale amene akusimba nkhani imodzi. Woyamba anajambulidwa ku France mu 1937, dzina lake La Mort du cygne, ndiye kuti imfa ya tsekwe woyera wa khosi lalitali uja wa m'maiko ozizira. Wachiwiri anajambulidwa ku America mu 1947, dzina lake The Unfinished Dance, gule wosatsirizika. Nkhani yake ndi ya mwana wamkazi amene anapundula katswiri wa gule chifukwa cha chikondi chimene anali nacho pa katswiri wina.

Wina adzafunsa kuti, kodi ife a ku Nthalire, kuno kumwera kwa boma la Chitipa, m'tsinde mwa mapiri a Nyika, kumene msewu wochokera ku Rumphi umatifika utatopa ndi zitunda, tili nawo chiyani magule a ku Paris ndi malonda a ku Hollywood? Ndiyankha kuti dziko limene limadziwa kulira kwa ng'oma ya vimbuza pakati pa usiku silingakhale mlendo pa nkhani ya gule ndi ululu. Ndipo chimene chinachitikira nkhani ya ku France itawoloka nyanja chikuchitikiranso magule athu akachoka pakhomo kupita pamaso pa alendo.

Gule amene akuvinidwa m'makanema awiriwa ndi ballet, amene anakulira m'nyumba za mafumu a ku France. Wovina saimba pakamwa, owonera saomba m'manja kufikira atatsiriza, ndipo akazi amavina atanyang'ama pa nsonga zenizeni za zala za kumapazi, atavala nsapato zolimbitsidwa kumapeto, kotero kuti woonera ali patali amayesa kuti thupi lilibe kulemera, pamene mwini thupilo akudziwa matuza ndi zikhadabo zothyoka zimene zili m'nsapatomo. Sukulu ya gule ameneyu ya ku Opéra ya mumzinda wa Paris inakhazikitsidwa mu 1713, m'masiku a mfumu Louis XIV, ndipo ana amalowamo akali anthete, nakulira m'makonde ndi m'zipinda za nyumba yaikuluyo, mpaka anthu a mumzindawo anawapatsa dzina loti timakoswe. Kumeneko m'mera mpoyamba: amene sanaongoledwe msana ali ndi zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi sadzaongokanso.

Mmodzi wa timakoswe timeneti, m'kanema wa 1937, ndi Rose Souris, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, amene mtima wake wonse unali pa katswiri wa nyumbayo, Mademoiselle Beaupré. Ankamuyang'ana monga mwana ayang'anira mayi, ankasangalala ndi kumwetulira kwake, ndipo m'maso mwake munalibe wina pansi pano woyenera kuvina patsogolo pa anzake koma iye yekhayo. Tsono akuluakulu a nyumbayo anaitana mlendo wochokera kunja, Nathalie Karine, nampatsa gule amene Rose ankayembekeza kuti avinidwa ndi wokondedwa wake. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma mwana uja sanaone kuthwa kwa kalumo, anangoona kulandidwa kwa malo. Nsanja za nyumba zoterezi zimakhala ndi zitseko pansi, zimene amisiri amatsegula pofuna kukweza kapena kutsitsa zinthu za m'sewero. Usiku wa chionetsero, Karine akuvina pamaso pa khamu, Rose anatsikira kunsi kwa nsanja kumene kuli mdima ndi zingwe, natsegula chitseko chija ndi manja ake, akudziwa chimene akutsegula. Karine anagweramo, nathyoka mwendo, ndipo sanavinenso.

Mwana sayeza kuya kwa dzenje limene akukumba, ndipo palibe angatsimikize kuti Rose anafuna kuti munthu alumale moyo wake wonse. Koma dzenjelo analikumba dala, ndipo kanemayo sakumubisira zimenezi. Amene anatsogolera ntchitoyi, Jean Benoît-Lévy, pamodzi ndi Marie Epstein amene ankagwira naye, anali anthu odziwa ana, pakuti mu 1933 anali atajambula kale La Maternelle, kanema wa ana osauka a ku Paris. Ndipo odziwa ana amadziwa kuti mtima wa mwana si madzi oyera okhaokha, koma kuti chikondi chake chimatha kuyaka mpaka kutentha nyumba. Nkhaniyo anaitenga m'zolemba za Paul Morand, magule anakonza ndi Serge Lifar amene anali mkulu wa ballet ku Opéra, ndipo anajambula mopanda utoto, zakuda ndi zoyera basi, m'makwerero ndi m'zipinda zophunzirira mmene ana akutuluka thukuta atagwira mtengo wopingasa wa m'mbali mwa khoma.

Chotsatira chake ndicho chimandigwira mtima koposa. Beaupré, amene mwana uja anamuchimwira tchimo lalikulu chotero, sanaukonde gule monga Rose ankayesera: anapeza mwamuna, nasiya nsanja mosadandaula, napita ku ukwati. Karine, wopunduka, woyenda ndi ndodo, sanathe kukhala kutali ndi gule ngakhale gule anamutayitsa mwendo, ndipo anabwerera m'nyumba yomweyo kudzakhala namkungwi wa ana. Pakati pa ana onsewo, amene iye anamuona kuti ali ndi mphatso yeniyeni, amene anamuthira mtima wake wonse ndi luso lake lonse, anali Rose yemweyo. Taonani tsono mwana ameneyu akulandira tsiku ndi tsiku chikondi kuchokera m'manja mwa munthu amene iye anamuwononga, akumva kugogoda kwa ndodo ija pansi pamene namkungwi akuwerengera mapazi, akudziwa yekha mumtima chimene chinabweretsa ndodoyo. Palibe mkwapulo umene ukanamupweteka chotero. Ndipo pamene chinsinsi chinaululika, monga zinsinsi za ana zimaululikira pakati pa ana anzawo, Karine anapsa mtima ndithu, pakuti anali munthu. Koma pambuyo pake anakhululuka, osati chifukwa chakuti mlandu unachepa, koma chifukwa anaona kuti gule amene iye sangavinenso ali m'miyendo ya mwanayo, ndipo kumutaya mwanayo kukanakhala kudzipha kachiwiri.

Patapita zaka khumi, kampani ya makanema ya ku Hollywood, Metro-Goldwyn-Mayer, inatenga nkhani yomweyi niivekanso zovala zatsopano. Wotsogolera anali Henry Koster, woyang'anira ntchito yonse anali Joe Pasternak, anthu amene anatchuka ndi makanema a nyimbo osangalatsa mabanja. Rose anasanduka Meg Merlin, ndipo mbali yake inapatsidwa kwa Margaret O'Brien, mwana wa zaka khumi amene America yense ankamukonda chifukwa cha nkhope yake yachisoni ndi misozi yake yosavuta kutsika. Beaupré anasanduka Ariane Bouchet, wovinidwa ndi Cyd Charisse. Karine anasanduka La Darina, woseweredwa ndi Karin Booth. Ndipo anawonjezamo bambo wachifundo wokonza mawotchi, Paneros, woyang'anira mwanayo, mbali imene Danny Thomas anayambira ntchito yake ya m'makanema. Zonse zinajambulidwa ndi utoto wowala wa Technicolor, nsanja zikunyezimira, madiresi ali mbee ndi psuu, kotero kuti diso limakhuta lisanayambe n'kumva nkhani komwe.

Koma kusintha kwakukulu sikunali pa utoto kapena pa maina. Kunali pa kanthu kakang'ono kamene woonera mothamanga sangakasamale. Meg sanafune kutsegula chitseko cha pansi. Iye anangofuna kuzimitsa magetsi kuti mlendoyo achite manyazi pakati pa gule, ndipo pofika pamene pali maswitchi, dzanja lake linalakwitsa n'kugwira ina, chitseko n'kutseguka. Chimene ku Paris chinali mlandu, ku Hollywood chinasanduka ngozi. Mwana anatsukidwa m'manja asanadetsedwe n'komwe, kuti woonera asavutike pomukonda.

Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu, limene kuno timalitcha mphala, akudziwa kuti funso loyamba la nduna, zisanafunse za kukula kwa bala, limakhala lakuti, kodi anachita dala kapena inali ngozi? Ng'ombe ikathyola khola usiku n'kudya chimanga cha mnansi, mwini wake amalipa, koma palibe amene amamuda. Munthu akatsegula yekha khola n'kulozetsa ng'ombe m'munda wa mnzake, mlandu wake ndi wina, ngakhale mapesi odyedwa akhale ofanana. Wangozi timamupepesa pamodzi ndi wovulala, pakuti onse awiri tsoka lawagwera. Wadala yekha ndiye amafunika kukhululukidwa. Ndipo akuluakulu salola kuti nkhuku kapena mbuzi ya chipepeso ilandiridwe wolakwa asanatsegule pakamwa pake kuvomera, chifukwa amadziwa kuti chiweto sichichotsa chidani ngati mawu sanatuluke. Pamenepa ndi pamene pagona kufooka kwa kanema wa ku America. La Darina naye amakhululuka pamapeto, nyimbo zikulira, misozi ikutsika; koma akukhululukira chiyani? Mwana amene anafuna kuchita mwano waung'ono, dzanja n'kumupusitsa? Chikhululukiro chotere munthu aliyense waulemu angachipereke asanadye nsima yamadzulo. Cha Karine n'chamtengo wapatali, chifukwa chinaperekedwa kwa amene anasankha kuchita choipa.

Tikumbukire nkhani ya Yosefe m'buku la Genesis, pakuti nayonso ndi nkhani ya nsanje ndi dzenje. Abale ake sanamugwetse m'dzenje mwangozi poyenda mumdima. Anapangana, namuvula malaya, namuponyamo, kenaka namugulitsa. Ndipo pamene anaonana nawonso ku Ejipito iye ali nduna yaikulu, sanawauze kuti palibe chimene chinachitika, kapena kuti iwo sanadziwe chimene ankachita; anachitchula choipacho ndi dzina lake, atatero anawapsompsona nawadyetsa m'zaka za njala. Mlembi wina akanati awachitire chifundo abale aja polemba kuti Yosefe anaterereka yekha m'mphepete mwa dzenje, akanachotsa ulemerero wonse wa Yosefe poyesa kupulumutsa mbiri ya abale ake. Chomwechonso olemba a ku Hollywood, pomuchitira chifundo Meg, anam'bera La Darina ukulu wake.

Sindifuna kuwaweruza mopanda chilungamo anthu amene anapanga kanema wachiwiriyu. Mu 1947 dziko linali litangotuluka m'nkhondo yaikulu yachiwiri, m'nyumba zambiri munali mipando yopanda eni ake, ndipo anthu olowa m'nyumba ya kanema ankafuna mpumulo. Koster mwini anali Myuda wobadwira ku Berlin amene anathawa ku Germany mu 1933, monga momwe Benoît-Lévy, Myudanso, anathawira ku America nkhondo ili m'kati. Munthu wotere sitingamunene kuti sankadziwa kuipa kwa mtima wa munthu, ndipo mwina kudziwa komweko n'kumene kunamuchititsa kufuna kupatsa anthu dziko lofewerapo. Cyd Charisse naye anali wovina weniweni, amene anaphunzira ballet kuyambira ubwana navina ndi gulu la Ballet Russe de Monte Carlo asanalowe m'makanema, ndipo pamene iye ali pa nsanja palibe chonyozeka. Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo nyerere za kanema ameneyu ndi mantha, mantha akuti woonera sangapirire choonadi cha mwana wochimwa.

Palinso kanthu kena kamene utoto sungagule. Akazi atatu a m'kanema wa 1937 onse anali ana a gule, osati a zisudzo chabe. Yvette Chauviré, amene anasewera Beaupré ali ndi zaka makumi awiri, anakulira m'sukulu yomweyo ya ku Opéra, ndipo mu 1941 anakwezedwa kukhala katswiri wamkulu wa nyumbayo. Anamwalira mu 2016. Mia Slavenska, amene anasewera Karine, anali mlendo weniweni ku Paris, wochokera ku Croatia, ndipo pambuyo pake anasamukira ku America kumene anadzakhala mphunzitsi wa gule. Janine Charrat, Rose wamng'ono uja, anakula nakhala wovina ndi wopeka magule wotchuka. Ndipo mu 1961, akujambulidwa pa wailesi yakanema, chovala chake chinagwira moto, napsa koopsa, koma atachira anabwereranso ku gule. Mwana amene m'sewero anapundula namkungwi wake anadzalawa yekha m'moyo weniweni chikho cha wovina wovulala, nayankha monga Karine anayankhira. Munthu akamaonera nkhope za akazi amenewa, amaona anthu amene gule kwa iwo sanali chokongoletsa moyo koma moyo womwewo. Ndipo n'chifukwa chake kugwa kwa Karine kumapweteka, pakuti mapazi amene akugwawo ndi mapazi amene anagulidwa ndi zaka za thukuta.

Tsono ndibwere kwathu. Vimbuza, amene Atumbuka a kuno ku Nthalire amavina monganso abale awo a ku Rumphi ndi ku Mzimba ndi a tsidya lija la malire ku Zambia, sanabadwe ngati gule wa chisangalalo. Ndi gule wa odwala, ndipo ambiri mwa odwalawo ndi akazi: mayi amene mutu sukumupatsa mtendere, amene mtima ukumugunda popanda chifukwa chooneka, amene wasenza zowawa za m'banja zimene mwambo sumulola kuzinena masana pamaso pa apongozi. Nchimi, ndiye kuti sing'anga, ikamuyeza, mudzi umasonkhana usiku, amuna amagwira ng'oma, amayi ndi ana amazungulira akuomba m'manja ndi kuimba, ndipo wodwalayo amavina nthenda yake mpaka thupi litatheratu mphamvu. M'nyimbo za usiku umenewo mumatuluka mawu amene mwamuna wankhanza kapena mlamu wolanda chuma amawamva ali chete, chifukwa wonenayo sangaimbidwe mlandu pa zimene wanena ng'oma zikulira. Mbiri imati gule ameneyu anakula m'zaka za m'ma 1800, m'nyengo za nkhondo ndi kuponderezedwa, ndipo anapitirira m'masiku a atsamunda ngakhale amishoni anamuletsa. Si ntchito yanga pano kuweruza pakati pa nchimi, mbusa ndi dokotala. Chimene ndikunena n'chakuti pakati pa bwalo la vimbuza pali munthu amene akumva ululu, ndipo ng'oma zonse zikulirira iyeyo.

Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza vimbuza, pamodzi ndi Gule Wamkulu, kukhala m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo tinanyadira moyenera. Koma kuyambira kale lomwe, m'zikondwerero za ufulu za pa 6 July, m'misonkhano ya atsogoleri, m'mipikisano ya sukulu ndi pamaso pa alendo odzaona dziko, pakhala pakuvinidwa vimbuza wina, amene ndingamutche wa ku Hollywood. Mnyamata wathanzi amavala zikopa, nthenga ndi mangenjeza, amapatsidwa mphindi zochepa pa ndondomeko ya mwambo, amanjenjemeretsa mapewa ndi chiuno modabwitsa, anthu amakuwa ndi kumufupa ndalama, wolengeza amaitana gulu lotsatira. Luso lilipo, ndipo ndimalilemekeza, pakuti kugwirizanitsa thupi ndi ng'oma zitatu zolankhula mosiyana si masewera. Ovina oterewa asunganso mayendedwe ndi nyimbo zimene zikanatha kutayika. Koma wodwala mulibe. Usiku mulibe, mudzi wozungulira mulibe, mawu olasa aja amene ankachititsa wolakwa kuweramitsa mutu asanduka phokoso lokometsera. Nyimbo imodzi sachezera gule, anatero akale. Nanga gule amene ntchito yake inali kuchezera mpaka mbandakucha adzanena chiyani m'mphindi zisanu?

Magule ena savutika ndi ulendo wotere. Mwinoghe wa abale athu Asukwa, Andali ndi Abandya a kumpoto kwa boma lomwe lino, amene UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2018, ndi gule wa chimwemwe kuyambira pachiyambi, ndipo akavinidwa ku Lilongwe amafika ndi chimwemwe chake chonse. Vimbuza ndi wina, chifukwa katundu wake ndi ululu, ndipo ululu ndiwo umayamba kutsitsidwa m'galimoto pamene gule akupita kwa alendo, monga momwe mlandu wa Rose unatsitsidwira pa doko nkhani isanakwere chombo cha ku America.

Choopsa chenicheni si chakuti chotsanzira chilipo, ayi. Nkhani zimasimbidwanso, magule amavinidwanso, ndipo umo ndi mmene zinthu za anthu zimakhalira ndi moyo. Choopsa n'chakuti chotsanziracho, pokhala ndi ndalama ndi kuwala, chimakhala pampando wa mwini wake. Makampani a ku Hollywood a nthawi imeneyo ankati akagula nkhani ya kanema wa dziko lina, ankayesetsa kuti woyambayo asaonekenso pamsika kupikisana ndi wawo. Metro-Goldwyn-Mayer yomweyo inachita zimenezi ndi Gaslight wa ku Britain wa 1940 pamene inapanga wake mu 1944. La Mort du cygne naye, amene poyamba anaonetsedwa ku America pa dzina loti Ballerina, anasowa m'maso mwa anthu zaka zambirimbiri, kotero kuti mibadwo ya owonera inadziwa Meg wolakwitsa switchi osamudziwa Rose wotsegula dala. Kanema angathe kugona m'nkhokwe zaka makumi asanu n'kudzatulukanso ali wamphumphu. Gule alibe nkhokwe yotero. Nkhokwe yake ndi matupi ndi zikumbumtima za anthu, ndipo agogo amene akudziwa chifukwa chimene nyimbo yakutiyakuti inkaimbidwira, ndi mayi uti amene ankaimbirwa, ndi kusintha kotani kumene kunkachitika m'banja kutacha, akamwalira amapita nazo. Mwana wa ku Nthalire amene lero akuona vimbuza koyamba pa foni, atavinidwa pa nsanja ya mumzinda, angathe kukula akuyesa kuti ameneyo ndiye gule yense.

Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Rose anayamba ndi kupembedza mayi wokongola wa miyendo iwiri amene sanamusamale, natsiriza ndi kudziwa kuti mayi wake weniweni pa gule anali wotsimphina uja, wa ndodo, amene anali ndi chifukwa chokwanira chomudera. Ifenso pali chiyeso chakuti tichite manyazi ndi vimbuza wa kumudzi, wa fumbi ndi thukuta ndi kubuula, wa mayi wodwala amene savina mokongola, tikonde wa pa nsanja yekha chifukwa ndi amene alendo amamuombera m'manja. Koma wotsimphinayo ndiye mayi. Iye ndiye akutikumbutsa kuti makolo athu, alibe zipatala za odwala maganizo, anapeza njira yoti mudzi wonse ukhale maso usiku chifukwa cha munthu mmodzi wosweka mtima, ndi kuti wolakwira mnzake amve mlandu wake poyera popanda kukhetsa mwazi. Ngakhale amene chikhulupiriro chawo sichiwalola kuyandikira ng'oma zimenezi ayenera kudziwa kuti nzeru imeneyi inalipo pakati pathu.

Chifukwa chake ndikupempha aphunzitsi a m'sukulu za kuno, inu amene mumakonzekeretsa ana kukavina pa mipikisano ndi pamaso pa akuluakulu a boma: musawaphunzitse mapewa ndi chiuno zokha, koma muwauzenso kuti gule ameneyu ankavinidwa ndi yani, chifukwa ninji, ndi kuti mawu a nyimbozo ankalasa ndani, ndipo wolengeza pa mwambo apatsidwe mpata wonena zimenezi ng'oma zisanayambe. Ndikupemphanso anyamata ndi atsikana amene muli ndi mafoni ojambula: wodwala amene akuvina nthenda yake musamujambule popanda chilolezo chake, pakuti ululu wa munthu si chionetsero, koma khalani pansi ndi agogo anu masana, muwafunse, mujambule mawu awo akali moyo. Ndipo amene mwa inu adzapeze mwayi woonera makanema awiri ndakambawa, ayambe ndi wa 1937, wopanda utotoyo, chifukwa ndiye wabwino koposa mwa awiriwo.